M'MENE UBONGO UMALAMULIRA MKAKA WA M'MAŴERE

Pa maulendo athu oyendera zitsime, zimbudzi ndi misika m'midzi, ndiponso pa masiku a sikelo, timamva madandaulo atatu amene amabwera kaŵirikaŵiri. Mayi wina amati, "Mkaka wanga ngwochepa, mwana sakukhuta. Kodi ndiyambe kumpatsa phala?" Wina amati, "Sindikuyamwitsa, ndilibenso pathupi, koma maŵere anga akutuluka mkaka ndipo ndidaleka kusamba." Wachitatu, amene adataya magazi ambiri pobereka, amadandaula kuti mkaka sudabwere n'komwe.

Madandaulo atatuŵa akuoneka ngati osiyana, koma gwero lake ndi limodzi, ndipo lili m'mutu. M'phunziro la mwezi uno tifotokoza m'mene ubongo umagwirira ndi kumasulira mkaka, kuti mayi aliyense adziŵe chimene angachite yekha kunyumba ndi chimene chifunika chipatala. Tikupempha amene amadziŵa kuŵerenga kuti aŵerengere anzawo pamene mukudikira kuonana ndi anamwino.

Kachiŵalo kolamulira ziŵalo zina

Pansi pa ubongo, kuseri kwa mphuno, pali kachiŵalo kamene madokotala amakatcha pituitary. Kukula kwake n'kofanana ndi nzama imodzi, ndipo kamalemera pafupifupi theka la galamu. Kamakhala m'kadzenje ka fupa, ndipo kamalendeŵera ku ubongo ndi kaphesi kakafupi, monga m'mene chipatso chimalendeŵera ku nthambi.

Ntchito ya pituitary ndiyo kutulutsa mahomoni. Mahomoni ndi timankhwala timene thupi limapanga lokha, ndipo timayenda m'magazi kunyamula mauthenga kuchoka ku chiŵalo china kupita ku chinzake. Mbali yakutsogolo ya pituitary imapanga mahomoni 6 akuluakulu. Pali homoni yokulitsa thupi, yolamulira chithokomiro cha pakhosi, yolamulira tiziŵalo tiŵiri ta pamwamba pa impso, ziŵiri zolamulira mazira a mkazi ndi mbeu ya mwamuna, ndiponso ina yotchedwa prolactin, imene imauza maŵere kuti apange mkaka. Mbali yakumbuyo imasunga mahomoni aŵiri, yosunga madzi m'thupi ndi ina yotchedwa oxytocin, imene imafinya chiberekero pobereka ndi kukankha mkaka kuti utuluke.

Dzina lakuti prolactin lidachokera ku kafukufuku wa mbalame imene ambiri a ife timaŵeta. Amene amasunga nkhunda adziŵa kuti maunda akangobadwa amadya chakudya choyera, chonga mkaka, chochokera m'chithokomiro cha makolo awo, yaimuna ndi yaikazi yomwe. M'zaka za 1932 ndi 1933, katswiri wa ku America, Oscar Riddle, ndi anzake adapatula homoni imene imachititsa zimenezi, naipatsa dzinalo. Prolactin wa munthu adavuta kumpeza payekha, mpaka pamene Henry Friesen ndi anzake adatero ku Montreal, m'dziko la Canada, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970.

Pituitary nayo ili ndi mkulu wake

Monga mfumu ya m'mudzi imamvera mfumu yaikulu, pituitary nayo imamvera kachigawo ka ubongo kamene kali pamwamba pake, kotchedwa hypothalamus. Kuchokera kumeneko timitsempha ta magazi tating'ono kwambiri timatsika m'kaphesi kaja, ndipo m'timitsempha timeneti ndimo mumadzera malamulo a ubongo. Amene adatsimikiza njira imeneyi ndi Geoffrey Harris wa ku England, m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950.

Pa mahomoni ambiri, lamulo lochokera ku ubongo ndi lakuti, "Tuluka." Lamulolo likapanda kufika, homoniyo imachepa. Prolactin yekha ndiye wosiyana ndi anzake. Tizigawo timene timapanga prolactin sitidikira kuuzidwa, timagwira ntchito tokha usana ndi usiku. Chifukwa chake lamulo limene ubongo umatumiza ndi lakuti, "Ima." Mthenga wonyamula lamulo limeneli ndiye dopamine.

Taganizani za munthu wotsetsereka pa phiri ndi njinga yonyamula matumba a chimanga. Iye safunika kupalasa, pakuti njinga imathamanga yokha. Ntchito yake ndiyo kugwira buleki. Akafinya kwambiri njinga imayenda pang'onopang'ono, akamasula imathamanga. Prolactin ali ngati njingayo, ndipo dopamine ali ngati buleki. Umboni wake ndi wakuti kaphesi kaja kakaduka pa ngozi kapena kakapanikizidwa ndi chotupa, mahomoni ena onse a mbali yakutsogolo amachepa, koma prolactin amachuluka, popeza buleki siikufikanso.

Dopamine adadziŵika ngati mthenga wa mu ubongo chifukwa cha ntchito ya Arvid Carlsson wa ku Sweden m'zaka za 1957 ndi 1958, ndipo iye adalandira mphotho ya Nobel mu 2000. Mu 1974 Robert MacLeod wa ku Virginia, m'dziko la America, adaonetsa kuti dopamine amagwira mwachindunji pa pituitary ndi kuletsa prolactin. M'zigawo zina za ubongo dopamine yemweyu ali ndi ntchito zinanso. Amathandiza kuyendetsa bwino manja ndi miyendo, ndipo akachepa kumeneko munthu amadwala nthenda yonjenjemera ya Parkinson. Amakhudzanso maganizo a munthu. Sungani mfundo imeneyi, pakuti tidzaifunanso tikafika pa nkhani ya mankhwala.

Thupi limadziŵanso kudziyesa lokha. Prolactin akachuluka m'magazi, amabwerera ku ubongo kukauza hypothalamus kuti ionjezere dopamine. Motero mwa mwamuna, ndi mwa mkazi amene sali woyembekezera kapena woyamwitsa, prolactin amakhala wochepa nthaŵi zonse.

Chimene chimachitika mayi akatenga pathupi

Mayi akaima, mahomoni a pathupi amakulitsa pituitary, ndipo pofika mwezi wobereka prolactin amakhala atachuluka pafupifupi kakhumi. Maŵere amakula ndi kukonzeka, koma mkaka wambiri sutuluka, chifukwa mahomoni ochokera m'nsengwa amautchinga. Nsengwa ikatuluka mahomoniwo amatsika, ndipo pa tsiku lachiŵiri mpaka lachinayi mkaka umadzaza. Ichi n'chifukwa chake chidutswa cha nsengwa chikatsalira m'chiberekero mkaka ukhoza kuchedwa, ndipo mayiyo amatayanso magazi.

M'masiku oyambawo maŵere amatulutsa mkaka wachikasu, wokhuthala, wochepa. Ena amaufinyira pansi poganiza kuti ngwoipa. Kutero n'kumana mwana chakudya chimene chili ndi chitetezo chambiri ku matenda. Kamimba ka khanda n'kakang'ono, ndipo mkaka wochepawo umakwanira.

Mwana akabadwa, iye mwini ndiye amamasula buleki. Akayamwa, mitsempha ya kunsonga kwa bere imatumiza uthenga kudzera mu msana kukafika ku hypothalamus. Pomwepo dopamine amachepa, prolactin amatuluka wambiri, ndipo amafika pachimake patapita pafupifupi theka la ola chiyambire kuyamwa. Prolactin ameneyu amakonza mkaka umene mwana adzayamwe ulendo wotsatira. Mwana akakhala nthaŵi yaitali osayamwa, buleki imagwiranso. Bere lomwe likakhala lodzaza osapungulidwa, limachepetsa kupanga mkaka.

Tsopano tingathe kuyankha mayi woyamba uja. Mayi akaona ngati mkaka ngwochepa n'kuyamba kupatsa mwana madzi, tiyi kapena phala, mwanayo amakhuta ndipo amayamwa pang'ono. Akayamwa pang'ono, dopamine amachuluka ndipo mkaka umachepadi. Mayi amaonjezera phala, mkaka n'kucheperachepera mpaka kuuma. Njira yochulukitsira mkaka ndiyo kuyamwitsa pafupipafupi. Malangizo ake ndi aŵa:

1. Yamwitsani mwana lisanathe ola limodzi chibadwire.

2. Khanda liyamwe nthaŵi iliyonse likafuna, kosachepera 8 pa usana ndi usiku, ngakhale mpaka 12.

3. Musaleke kuyamwitsa usiku, pakuti prolactin amatuluka wambiri usiku kuposa masana.

4. Mwana atsegule kamwa kwambiri ndi kulumiza gawo lalikulu lakuda la bere, chibwano chake chitagunda bere. Akagwira nsonga yokha, mayi amamva kuŵaŵa ndipo mwana sakhuta.

5. Mlekeni atsirize bere limodzi musanampatse linalo.

6. Kwa miyezi 6 yoyamba mwana asalandire chilichonse kupatula bere ndi mankhwala a kuchipatala. Pambuyo pake yambani zakudya zina, koma pitirizani kuyamwitsa mpaka zaka 2 kapena kupitirira.

7. Mukasiyana ndi mwana chifukwa cha matenda kapena ntchito, finyirani mkaka m'kapu yoyera, kuti ubongo upitirize kulandira uthenga.

Chizindikiro chakuti mwana akukhuta ndi chakuti amakodza kosachepera 6 pa tsiku ndipo sikelo yake ikukwera. Kulira kokha sikusonyeza kuti mkaka ngwochepa.

Abambo ndi apongozi nawo ali ndi mbali yawo. Mkaka ukhoza kukhalamo m'bere koma osatuluka bwino, chifukwa oxytocin, amene amaukankha, amatsekerezedwa ndi mantha, ululu ndi nkhaŵa. Mayi wokalipiridwa, wotopa ndi mtondo, nkhuni ndi madzi, amavutika kuyamwitsa. Mlandireni ntchito zina, adye mokwanira, amwe akamva ludzu, ndipo apeze nthaŵi yokhala pansi ndi mwana wake. Mayi amene ali ndi kachirombo ka HIV ayamwitsenso motsata malangizo a chipatala, akumwa ma ARV tsiku lililonse osadumphitsa. Kuno ku Malaŵi, kuyambira mu 2011, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa opezeka ndi kachiromboka amayamba mankhwalaŵa nthaŵi yomweyo.

Kuyamwitsa ndi kulera

Makolo athu adaona kalekale kuti mayi woyamwitsa amachedwa kuyambiranso kusamba. Chifukwa chake n'chakuti kuyamwa kwa mwana, pamodzi ndi kuchuluka kwa prolactin, kumafooketsa lamulo limene ubongo umatumiza kwa mahomoni aŵiri aja olamulira mazira. Dzira likapanda kukhwima, mayi sasamba ndipo satenga pathupi. Mwa njira imeneyi thupi limateteza mwana kuti asatumbizidwe.

Koma chitetezo chimenechi chili ndi malire. Mu 1988 akatswiri adakumana ku Bellagio, m'dziko la Italy, nagwirizana kuti kuyamwitsa kumateteza ku pathupi ngati zinthu zitatu izi zilipo zonse pamodzi: mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo mayi sanayambirenso kusamba. Zitatuzi zikakwanira, mwa amayi 100 amene angatenge pathupi saposa 2. Chimodzi chokha chikasoŵa, buleki ya dopamine ikhoza kukhala itayamba kale kugwira ndipo mazira akhoza kudzuka. Dziŵaninso kuti dzira likhoza kukhwima msambo woyamba usanaoneke, kotero mayi angathe kuima asanasambe n'komwe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limalangiza kuti papite zaka zosachepera 2 chiberekere mayi asanatengenso pathupi. Choncho kambiranani ndi anamwino za njira ina yolerera mwana asanakwane miyezi 6. Kuyamwitsa sikuteteza ku matenda opatsirana pogonana.

Mkaka wotuluka popanda mwana

Mayi wachiŵiri uja ndiye amavutika kwambiri ndi malilime a anthu. Ena amati adachotsa pathupi mobisa, ena amati adalodzedwa, ndipo akachedwa kubereka banja limagwedezeka. Choyamba kuchipatala amayeza ngati ali ndi pathupi, chifukwa pathupi ndipo pamaletsa msambo kaŵirikaŵiri. Timadontho ta mkaka tikhozanso kuoneka kwa miyezi ingapo mwana atasiya kuyamwa, makamaka mayi akamafinya bere kuti aone ngati mkaka ukadalimo, pakuti ubongo umamva kufinyako ngati kuyamwa. Zimenezi zikapanda kukhala chifukwa chake, madokotala amafufuza chimene chafooketsa buleki.

Choyamba ndi mankhwala. Mankhwala ena a matenda a maganizo, monga chlorpromazine, haloperidol ndi risperidone, amachiritsa potchinga dopamine mu ubongo, ndipo potero amamtchinganso pa pituitary. Mankhwala oletsa kusanza otchedwa metoclopramide amachita chimodzimodzi, ndipo methyldopa, amene amaperekedwa pa kuthamanga kwa magazi, amachepetsa dopamine. Mkazi womwa mankhwalaŵa akhoza kuona mkaka kapena kuleka kusamba, ndipo mwamuna akhoza kuchepa mphamvu m'banja. Wodwala asaleke mankhwala payekha, chifukwa nthenda ya maganizo ikhoza kubwerera mwamphamvu. Auzeni adokotala popanda manyazi, ndipo iwo adzaona ngati n'koyenera kuchepetsa mlingo kapena kusintha mtundu.

Chachiŵiri ndi kufooka kwa chithokomiro cha pakhosi. Chikafooka, ubongo umachulukitsa uthenga wochidzutsa, ndipo uthenga womwewo umadzutsanso prolactin. Munthu wotere amatopa msanga, amamva kuzizira, amanenepa ndiponso amadzimbidwa. Matenda aakulu a impso, mabala a pachifuwa ndi mashingozi a pachifuwa nazonso zikhoza kukweza prolactin.

Chachitatu ndi kachotupa ka mu pituitary mwenimwenimo, kamene kamapanga prolactin wambiri koposa amene dopamine angathe kuletsa. Pafupifupi nthaŵi zonse kachotupa kameneka si khansa, ndipo mwa akazi ambiri sikakwana ndi sentimita imodzi yomwe. Akazi amazindikira msanga chifukwa cha msambo. Amuna amachedwa, popeza zizindikiro zawo ndi kuchepa kwa chilakolako ndi kusabereka, zinthu zimene ambiri amabisa kapena kupita nazo kwa asing'anga. Pamwamba penipeni pa pituitary pamadutsa mitsempha ya maso. Chotupa chikakula chimaipanikiza, ndipo munthu amamva mutu kosalekeza ndi kuleka kuona zinthu za m'mbali. Amagunda mphuthu za zitseko, kapena sazindikira njinga yochokera chakumbali kwake. Wotere asazengereze, chifukwa mitsempha ikapanikizidwa nthaŵi yaitali maso sabwereranso.

Nthenda imeneyi ili ndi mankhwala. Pali mapiritsi amene amagwira ntchito ngati dopamine, monga bromocriptine, amene adayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1970, ndi cabergoline, amene adabwera pambuyo pake. Mapiritsiŵa amabwezeretsa buleki. Mwa odwala ambiri mkaka umaleka, msambo umabwerera, chotupa chimaphwa popanda opaleshoni, ndipo ambiri amabereka. Prolactin amayezedwa m'magazi, choncho chipatala chaching'ono chimatumiza wodwala ku chipatala cha boma lake, ndipo ngati kuli kofunika amapitirira ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central kapena Mzuzu Central.

Chenjezo lina ndi ili. Ngati bere limodzi lokha likutuluka madzi osakanikirana ndi magazi, kapena muli chotupa cholimba m'bere, imeneyo ndi nkhani ina yosakhudzana ndi dopamine. Pitani kuchipatala msanga kuti akapime ngati si khansa ya m'maŵere.

Mkaka ukapanda kubwera n'komwe

Mayi wachitatu vuto lake lili pa pituitary yeniyeniyo. Tanena kale kuti kachiŵaloka kamakula pa nthaŵi ya pathupi, ndipo potero kamafuna magazi ambiri. Mayi akataya magazi ochuluka pobereka mpaka kukomoka, pituitary ikhoza kusoŵa magazi, ndipo gawo lake limafa. Dokotala Harold Sheehan adalongosola nthenda imeneyi mu 1937 ali ku Glasgow, m'dziko la Scotland, ndipo imatchedwa ndi dzina lake mpaka lero. Chizindikiro choyamba ndi chakuti mkaka subwera ngakhale mwana ayamwe chotani. Pambuyo pake msambo subwerera, tsitsi la m'khwapa ndi la kumaso limathothoka, ndipo mayi amafooka, amazizidwa ndi kuchita chizungulire. Zizindikiro zina zimaoneka patapita zaka. Mayi wotere asanenedwe kuti ngwaulesi kapena wokana mwana wake. Afunika mankhwala oloŵa m'malo mwa mahomoni amene akusoŵa, ndipo mwana wake afunika malangizo a anamwino pa kadyetsedwe. Kapewedwe kake ndiko kupita kusikelo ya amayi oyembekezera, kumwa mankhwala oonjezera magazi, ndi kuberekera kuchipatala, kumene azamba amabaya jekeseni wa oxytocin woletsa kutaya magazi.

Mau otsiriza

Musagule mankhwala pa msika kapena m'magolosale ndi cholinga chochulukitsa kapena kuumitsa mkaka. Mankhwala otchinga dopamine akhoza kuumitsa khosi, kupotoza nkhope ndi kunjenjemeretsa manja akamwedwa mosayenera. Mayi amene mwana wake wamwalira ndipo maŵere akumuŵaŵa afunse anamwino njira yabwino youmitsira mkaka. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Tsono mukaona chachilendo pa maŵere, pa msambo kapena pa maso, kafunseni kuchipatala, ndipo mutenge buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi mankhwala onse amene mukumwa.

Mafunso okambirana pa gulu

1. N'chifukwa chiyani mkaka umachepa mwana wa miyezi 2 akayamba kulandira phala?

2. Tchulani zinthu zitatu zimene ziyenera kukhalapo kuti kuyamwitsa kuteteze mayi ku pathupi.

3. Mbale wanu amene akumwa mankhwala a matenda a maganizo waona mkaka m'maŵere. Mungamlangize zotani?

4. M'mudzi mwanu, kodi abambo ndi apongozi angamuthandize bwanji mayi woyamwitsa m'nyengo yolima?